Chikuku m'Mudzi wa Afiti

Zaka zake sindizidziwa bwino. Ndikati ndiziwerenge zimasakanikirana, chaka cha njala chimalowa m'chaka cha madzi osefukira, ndipo ndimangotsala ndi misewu ndi fungo la malo amene ndinakhalako. Koma poyambira ndimapadziwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, amayi atamwalira, ndikukhala ndi azakhali anga a Nachuma m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri.

Azakhaliwo sankaseka wambawamba. Analibe mwana, mwamuna anawasiya kalekale, ndipo chinthu akachikana ankachikanira pamaso pa mwiniwake. Ankanditsuka misana ya mapazi ndi mwala mpaka kuwawa, kenako n'kundidzoza mafuta a nsatsi. Chaka chimenecho ana atatu anamwalira motsatizana, ndipo m'mudzi munabwera mneneri wa suti yoyera. Anatisonkhanitsa ana tonse kuseri kwa tchalitchi, dzuwa lili paliwombo, n'kumatifunsa mmodzimmodzi kuti amatitenga ndani tikagona. Ndinati palibe. Anafunsanso, ndinati palibe. Anandigwira chibwano ndi dzanja lonunkha perefyumu ndi thukuta.

"Mwana iwe, anzako anena kale. Ukabisa, ufa ngati aja."

Ndinatchula dzina limene ndinkalidziwa bwino kuposa onse.

Anthu anawazungulira azakhali pabwalo. Wina anawavundikira lichero kumutu, khamu lonse linaseka, ana anzanga n'kumawagenda ndi zitsononkho. Iwo sanalire. Anandiyang'ana kamodzi kokha, osati mokwiya, koma monga amayang'anira munthu akapeza ntchentche m'ndiwo. Madzulo asanakwane anali atapita ndi kamtolo kawo, denga la nyumba yathu lili pansi.

Ine ananditenga abambo aang'ono a Lufeyo. Sindinakhalitse. Nditangosinkhuka ndinakwera lole ya fodya, osatsanzika aliyense.

Tauni yoyamba inali ya chigayo. Ndinkasesa ufa wotayika pansi, kuupeta, n'kuuthira m'thumba la mwini chigayocho. Ndinaphunzira kuti ufa umalowa paliponse, m'makutu, m'nsidze, m'chifuwa, ndipo ukatsokomola umalavula phala. Tsiku lina anagwira mayi wina ataba beseni la chimanga. Anamuzungulira pakhomo pa chigayo, wina anamuvundikira beseni lomwelo kumutu n'kumaliwomba ngati ng'oma. Ine ndinapitiriza kusesa. Ndinasesa malo amodzimodzi mpaka simenti inaoneka. Mwezi usanathe ndinachoka.

Tauni yachiwiri inali ya malole, pafupi ndi malire. Ndinkachapa zofunda pa resitihausi ya mayi Kalinde, mayi wonenepa wa dzino lagolide. Tsiku loyamba anandipeza nditanyamula shiti ndi zala ziwiri, nkhope nditaikwinya.

"Usamanunkhize, mwanawe. Uzipuma ndi pakamwa. Ungochapa basi."

Ndinapuma ndi pakamwa nyengo zingapo za mvula. Kumeneko ndinakwatiwa ndi mwamuna wokonza njinga, ndinabereka mwana wamkazi amene anakhala masiku anayi. Titabwera kumanda, apongozi anandikokera pambali n'kuyamba kunong'ona kuti akumudziwa wachita zimenezi, nkhalamba ina ya kuseri kwa msika. M'mawa mwake ndinamanga katundu.

Tauni yachitatu inali ya chipatala. Kunja kwa mpanda kunkakhala amayi amene ankasamalira odwala opanda abale, ndipo wamkulu wawo anali a Esinta, munthu wowonda wa manja aakulu. Iwowo ndi amene anandiphunzitsa ntchito imene ndinganene kuti ndi yanga.

"Munthu amasambitsidwa mbali imodzi, mbali inayo itafundidwa," ankatero. "Ndipo uzimuyankhula. Ngakhale asakumve, uzimuuza kuti tsopano ndikukutembenuzani."

Ndinasambitsa anthu ambiri, a zilonda, a m'mimba, ena ongotsala mafupa. Zonyansa za m'thupi zinasiya kundinyansa. Nkhalamba iliyonse yaikazi ikabwera ndinkaiyang'ana kaye kumaso ndisanatenge beseni, koma sindinkadzifunsa kuti ndikufuna ndani.

Kenako unali mzinda, wa mipanda italiitali ndi agalu odya nyama. Ndinalowa ntchito m'nyumba ya a Sawada, bambo wa ku Japan amene anakhala zaka zambiri kuno akukonza mijigo ya m'midzi. Chichewa ankachiyankhula, kungoti mawu ake ankakwera pamene ife timatsitsa. Mayi awo, mayi Toshie, anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo poti kwawo kunalibe wowasunga anawabweretsa kuno. Kanali kamunthu kakang'ono, kopepuka ngati mtolo wa udzu, kaukhondo koopsa. Sankayankhula, koma dzanja lawo lamoyo linali ndi mphamvu, ndipo madzi akazizira ankanditsina. Tinkamvana choncho.

Chaka china a Sawada anati akupita kwawo kwa mwezi umodzi, ndipo mayi awo sangayende popanda ine. Anandikonzera mapepala. Ndinakhala m'ndege mpaka miyendo inatupa, ndikusintha thewera la nkhalamba m'kachimbudzi kosatembenukika, ndipo titatsika dzuwa linali kumene sindinkaliyembekezera.

Dziko lawolo ndimalikumbukira ngati maloto a munthu wa malungo. Misewu yopanda fumbi. Masitima odzaza anthu koma opanda mawu. Aliyense ankawerama, palibe ankandiyang'ana, koma ndikakhala pampando wa m'sitima malo a pambali panga ankatsala opanda munthu. Tinafikira kwa mwana wamkazi wa a Sawada, dzina lake Kaho, mtsikana wa ku yunivesite wa tsitsi lopaka utoto wofiirira. Iyeyo ndi amene anati tonse tipite kokasangalala, agogo akenso apite, asamangokhala m'nyumba.

"Tikupita kuti?" ndinafunsa m'sitima.

"Kumudzi wa afiti," anatero a Sawada.

Ndinaganiza kuti Chichewa chawaphonya. "Wa chiyani, bambo?"

"Wa afiti. A m'mabuku ndi m'mafilimu. Anamanga mudzi wonse kuti anthu azikaona." Anaseka. "Musaope, ndi afiti abwino."

Tinaima pamzere kuyambira m'mawa, ine nditagwira chikuku, mpando wa matayala wa mayi Toshie. Kunkatentha kwachinyontho, kutentha komata malaya pamsana. Patsogolo pathu, pambuyo pathu, anthu anali atavala mikanjo yakuda yofika kumapazi, akuluakulu a imvi ndi makanda omwe, thukuta likuyenderera m'makosi. Aliyense anali ndi kandodo m'manja. Nditalowa pachipata ndinaona nyumba zopindika dala, za madenga oyera ngati pagwa matalala, koma kuyerako kunali kwa penti. Ndinagogoda khoma lina la miyala, linalira ngati chigubu. Kumtunda kunali chinyumba cha nsanja zosongoka, ndipo nyimbo inkatuluka m'tchire lopanda mbalame.

Pawindo la sitolo ina panali akadzidzi. Ambirimbiri, aakulu ndi aang'ono, oyera ndi otuwa, ataunjikana m'mashelefu, maso ali tong'o. Kwathu kadzidzi mmodzi akalira padenga anthu sagona. Kuno mayi wina anagula awiri, n'kupsompsona mmodzi pamutu. Padenga la sitoloyo analendewetsa matsache atsopano, osasesapo chiyambire. Mwana wina analoza kandodo kake pawindo, nyali inayaka mkati, makolo ake anawomba m'manja. Anthu ena khumi anali pamzere kudikira kuti nawonso aloze pawindo lomwelo, nyali yomweyo iwayakire.

Kaho anandigulira chakumwa chachikasu cha thovu pamwamba. Ndinamwa kamodzi. Chinali ngati shuga wosungunulidwa m'majarini, chinamata m'kamwa, ndipo ndinachigwira m'manja nthawi yaitali ndikusowa potayira chifukwa pansi panali poyera kwambiri. Pafupi ndi chinyumba cha nsanja, anthu ankatuluka pakhomo lina ali dzandidzandi, atazunguzidwa ndi makina a mkatimo. Mnyamata wamkulu ndithu, wa ndevu zake, anagwada n'kusanza chachikasu chomwecho pa mkanjo wake. Nthawi yomweyo panatulukira mayi wachikulire wa yunifolomu, anawerama, anathira utuchi, anakolopa, anaweramanso n'kuzimiririka. Ndinaona kuti ankapuma ndi pakamwa. Pamalo ponsepo ndi iye yekha amene ndinamuzindikira.

Kaho anabwera akuthamanga ndi jumbo. Anatulutsa mkanjo wakuda n'kuwafunditsa agogo ake, anawaveka chipewa chachitali chosongoka, anawaika kadzidzi wa nsalu pamiyendo, tsache analipingasa pa chikuku. Dzanja lakufa lija analitsegula zala n'kulowetsamo kandodo. Sanachite mwankhanza, ayi. Ankawakonda agogo akewo, ankawasisita tsaya uku akuseka. A Sawada anatulutsa foni.

"Imani kumbuyo pang'ono," anandiuza. "Musaoneke."

Ndinabwerera m'mbuyo. Atsikana awiri odutsa anaima, anakuwa mosangalala, nawonso anatulutsa mafoni. Kenako banja lina. Kenako gulu la ana asukulu. Posakhalitsa anali atawazungulira, mikanjo yakuda yokhayokha, mafoni m'mwamba, onse akubwereza liwu limodzi limene a Sawada anandiuza pambuyo pake kuti limatanthauza kukongola kwa kamwana. Chipewa chinatsetsereka n'kuphimba diso limodzi. Khamu linaseka. Wina anagwada pambali pa chikuku kuti ajambulitse nawo, wina anabwera pambuyo pake.

Fungo ndinalimva ine poyamba, chifukwa ndi ntchito yanga. Kenako ndinaona madontho pansi pa chikuku, pa miyala yabodza ija. Mayi Toshie anali atatembenuza mutu, diso losaphimbidwalo likufunafuna pakati pa anthu, mpaka linandipeza.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinalowa pakati pawo ndi mapewa, ndinagwira chikuku n'kukankha. Tayala linaponda phazi la munthu, anakuwa, sindinapepese. Tsache linagwa, ndinaliponda. Kumbuyo ndinkamva a Sawada akuitana dzina langa, koma ndinangoyang'ana chizindikiro cha chimbudzi.

Chimbudzi chake chinali chachikulu kuposa nyumba zambiri zimene ndinagonamo. Nditatseka chitseko munayamba kulira timbalame ta m'makina. Ndinawavula mkanjo, wonyowa kale kumunsi. Ndinatsegula madzi n'kudikira kuti afunde.

"Tsopano ndikukutembenuzani, amayi," ndinatero. Ndinawafunditsa chitenje changa mbali imodzi n'kuyamba inayo.

Ndipo pakamwa panga panapitiriza pokha. Ndinawauza za mneneri, za dzanja lake pachibwano panga, za lichero, za zitsononkho. Ndinawauza kuti chimodzi mwa zitsononkhozo ndinaponya ndine, kuti anzanga aone kuti sindili mbali ya azakhali. Zimenezi ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga uja. Ndinazinena m'Chichewa, kwa nkhalamba yosamva Chichewa, timbalame tabodza tikulira. Iwo ankangoyang'ana kudenga. Nditachedwa pamalo amodzi ananditsina, ndipo ndinapitiriza ntchito. Pomaliza anakweza dzanja lamoyo, anakankha chipewa chija mpaka chinagwa. Ndinachikulunga pamodzi ndi thewera n'kuponya m'bini.

Panja tinawapeza atakhala pabenchi. Maso a Kaho anali ofiira. Anagwada kutsogolo kwa agogo ake n'kuyankhula motsitsa, kenako anawerama kwa ine. A Sawada anagula madzi. Anthu a mikanjo ankangodutsa. Mwina pofuna kupeputsa zinthu, Kaho ananena kanthu kwa bambo ake.

"Akufunsa," anatero a Sawada, "kuti kwanu afiti enieni aliko? Ndinamuuzapo kuti anthu amakhulupirira."

"Ndinaonapo mmodzi."

Anamasulira. Kaho anatukula nsidze n'kufunsanso.

"Akuti ankauluka?"

"Ayi, bambo. Anayenda wapansi, wopanda nsapato, ndi kamtolo pamutu. Anali azakhali anga. Ndine ndinawatchula."

A Sawada anandiyang'ana nthawi yaitali. Anakhala m'midzi yathu zaka zokwanira, ankadziwa chimene ndikunena. Sanamasulire. Anangouza mwana wawo kuti tizipita.

Titabwerera kudziko lathu kuno ndinapempha tchuthi, ndinapeza mayi wina woti agwirizire ntchito yanga, n'kuyamba kuyenda chobwerera. Tauni ya chipatala, a Esinta anali atamwalira. Tauni ya malole, resitihausi inali itasanduka tchalitchi. Tauni ya chigayo, chigayo chinalipo, wosesa anali wina. Paliponse ndinkafunsa za mayi wamtali wosaseka, wochokera kuphiri. Ena ankati anamwalira, ena ankati anawoloka malire. Mayi wina wogulitsa nthochi anati ndikayese kumene akumanga msewu watsopano, kuli nkhalamba zophwanya miyala.

Ndinawapeza kumeneko, atakhala pansi miyendo atatambasula, mulu wa miyala pakati, hamala m'manja. Anali atafupika. Zala zawo zinali zokulungidwa ndi timizere ta chubu cha njinga. Ndinagwada patali pang'ono.

"Azakhali."

Anamenya mwala kawiri, unasweka, ndiye anadzutsa mutu.

"Wanenepa," anatero.

Mawu onse amene ndinakonza m'njira anabalalika. Ndinanena mosalongosoka kuti ndinanama, kuti anandiopseza, kuti iwo sananditengepo kupita kulikonse, kuti sanali mfiti.

"Ndiye wayenda ulendo wonsewu kudzandiuza ine kuti sindine mfiti?" Anasankha mwala wina. "Ine ndimadziwa. Ukanene kumene unanenako."

Ndinapita. Mudzi wa m'tsinde mwa phiri unali utachepa, kapena ndine ndinakula. Linali Lamulungu, ndipo ndinadikira kuti anthu atuluke m'tchalitchi. Ndinkayembekeza kuti andizungulira, mwina andigenda, ndipo ndinali nditavomera. Ndinaima pakhomo n'kunena dzina langa, dzina la azakhali, ndi zonse zimene ndinachita, mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve.

Anthu anayang'anana. Mayi wina anakonza mwana kumsana. Abambo aang'ono a Lufeyo, tsopano a ndodo ndi jekete, anabwera akumwetulira n'kundigwira paphewa.

"Iii, mwana wanga, zakalekale zimenezo. Ndi zimene wavutikira? Ndani sankadziwa? Unali mwana iwe, munthu uja anakuopseza. Ngakhale tsiku lomwelo tinkadziwa."

"Munkadziwa?"

"Aliyense. Ana aja inali nthenda ya chikuku, a zaumoyo anadzanena."

"Nanga bwanji simunakawatenge?"

Anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana pansi. Anthu anayamba kubalalika, ena akukambirana za mtengo wa feteleza.

"Tiye ukaone kudimba," anatero a Lufeyo. "Usabwerere chimanjamanja."

Ndinawatsatira ngati wogona. Tinatsikira kukhwawa, ndipo ndinalizindikira dimbalo ndisanafike, chifukwa ndinkathirira nawo ndili wamng'ono. Linali la azakhali, lokhalo m'mudzi monse limene kasupe wake sankaphwa. Tsopano linali lalikulu kawiri, la mpanda waminga, kabichi ali ndandanda mpaka kumtsinje. A Lufeyo anasankha mitu iwiri ikuluikulu, anadula, anaika m'thumba.

"Ukawapatse achemwali angawo. Ukawauze kuti ife tilibe nawo chifukwa."

Ndinanyamula thumbalo. Masiku awiri m'maminibasi, padzuwa, kabichi anayamba kununkha, ndipo anthu ankandiyang'ana n'kumatsegula mawindo.

Azakhali ndinawapeza pakhomo pa kanyumba kawo ka malata akale, akuphika chinangwa. Ndinaika thumba pansi.

"Anati chiyani?"

"Anati ankadziwa. Onse. Kuyambira tsiku lomwelo."

Sanadabwe. Anatulutsa mutu umodzi, anautembenuza, anachotsa masamba owola akunja n'kutaya. Mkati munali mbozi ziwiri zobiriwira, anazitswanya ndi chala.

"Sathira phulusa," anatero. "Lufeyo ndi waulesi chibadwire."

"Ndikataye, azakhali?"

"Utaye chiyani? Dothi ndi langa, madzi ndi anga. Tenga mpeni."

Ndinadula, iwo anaphika ndi mchere wokha. Tinakhala pansi, mbale imodzi pakati. Ndinatenga kamodzi, ndinatafuna, ndinatafuna, koma kummero kunakana. Iwo sanandikakamize ndipo sanandiyang'ane. Anadya pang'onopang'ono ndi mano awo anayi otsalawo, anadya mbali yawo, anakokera mbale kwa iwo n'kudya ndi yanga yomwe.